Lipoti la msonkhano wokambirana za khalidwe la akuluakulu a boma

Amayi ndi abambo, mamembala anzanga,

Zikomo pondituma. Gawo lam'mawa linathera m'malonje ndi zolankhula zazitali. Nkhani yeniyeni inayamba masana: nduna kapena mlembi wamkulu akaganiziridwa kuti wapatsa m'bale wake kontirakiti, kapena wadya chuma cha boma, chimatsatira n'chiyani?

Ambiri anatchula pangano la United Nations lolimbana ndi katangale la mu 2003. Ndime 8 imalimbikitsa kuti ogwira ntchito m'boma aziulula katundu wawo ndi mphatso zikuluzikulu zomwe alandira, pomwe ndime 33 imakamba zoteteza oulula chinyengo. Papepala zili bwino. Chomwe chinatitengera nthawi n'chakuti wofufuza akamaliza ntchito, lipoti lake limamveredwa kapena limangotsekeredwa m'kabati.

Apa tinakhazikika pa nkhani ya Nkandla ku South Africa. Mu 2014 Thuli Madonsela, yemwe anali Public Protector (mkulu wofufuza madandaulo okhudza akuluakulu a boma), anapeza kuti pa ndalama pafupifupi R246 miliyoni zokonzera chitetezo cha nyumba ya Pulezidenti wa nthawiyo Jacob Zuma kumudzi kwawo ku Nkandla, zina zinamangira dziwe losambiramo, khola la ng'ombe ndi la nkhuku. Analamula kuti a Zuma abweze gawo lina. Nduna ya za apolisi inadzati dziwelo n'losungiramo madzi ozimitsira moto (apa holo yonse inaseka), ndipo aphungu a chipani cholamula anavomereza. Zinatengera khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo, pa 31 Malichi 2016, kugamula kuti zomwe Public Protector walamula n'zofunika kutsatidwa. A Zuma anabweza R7.8 miliyoni.

Pomwe sitinamvane ndi pa zoti woganiziridwa aziyamba waima paudindo kafukufuku ali mkati. Ena anati munthu salakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndiponso mphekesera zandale zikhoza kugwetsa munthu wosalakwa. Mfundoyo ndi yomveka. Komabe ine ndinaima ndi mbali inayo, chifukwa mafayilo amakhala mu ofesi ya mwini wakeyo, ndipo mboni ndi anthu omwe iye amawasayinira tchuthi ndi kuwakweza pantchito. Kalaliki angayerekeze bwanji kuneneza bwana yemwe akukumana naye m'mawa uliwonse?

Okonza msonkhano apempha gulu lililonse kuti litumize maganizo ake pa mfundoyi. Ndikupempha a wapampando kuti aiike pa mndandanda wa zokambirana zathu zikubwerazi, kuti zomwe titumize zikhale za tonse. Mapepala omwe anatigawira ndawasiya kwa alembi.

Ine nthumwi yanu.