Lipoti la msonkhano wa matenda a khungu

A wapampando ndi anzanga nonse a m'komiti, nali lipoti la msonkhano wa masiku awiri umene munanditumako, ndipo malisiti a ulendo ndi malo ogona ndawapereka kale kwa msungichuma. Tsiku loyamba linathera pa malonje ndi malamulo a bungwe.

Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la mmene maselo a khungu amafera pa matenda otupitsa khungu. Anationetsa pa maikulosikopu tizidutswa ta khungu topaka utoto, mmene selo lakufa limaoneka lofota ndi lofiira kuposa anzake, phata lake litanyala kapena litasoweratu. Pa nthenda ya khungu yotchedwa lichen planus maselo otere amapezeka apo ndi apo m'munsi mwa khungu lapamwamba, ndipo amatchedwa Civatte bodies. Koma pa nthenda ya Stevens-Johnson khungu lapamwamba likhoza kufa lonse, n'kumasendeka ngati la munthu wopsa ndi madzi otentha. Amene amapha maselowa ndi asilikali a m'thupi la wodwalayo, makamaka a CD8, mankhwala ena akawautsa. Khungu losendeka likakhala losakwana 10 peresenti ya thupi timati Stevens-Johnson, likapitirira 30 peresenti timati toxic epidermal necrolysis.

Mankhwala amene anatchulidwa ndi a m'famase mwathu momwemu: nevirapine, cotrimoxazole, carbamazepine, phenobarbitone ndi allopurinol. N'zoona kuti nevirapine, mmodzi mwa ma ARV, wachepa chiyambire 2019 pamene dziko lino linasamukira ku ARV wina wotchedwa dolutegravir, koma Bactrim, amene ndi cotrimoxazole uja, timapereka tsiku ndi tsiku, ndipo odwala khunyu timawayambitsa mankhwala monga carbamazepine ndi phenobarbitone osawauza kuti zidzolo, malungo ndi zilonda zam'kamwa m'masabata oyambirira ndi chifukwa chobwerera msanga.

Msonkhano unagwirizana kuti aliyense womukayikira kuti ali ndi Stevens-Johnson tizimudula kachidutswa ka khungu n'kutumiza ku labotale. Sindikutsutsa, koma ine ndikuona kuti kwathu kuno choyamba ndi kuimitsa mankhwalawo tsiku lomwelo, chifukwa zotsatira zimatenga miyezi pamene khungu limasendeka m'masiku ochepa. Ndiponso tidzatumiza bwanji pamene formalin, mankhwala osungira tizidutswato, amene ndinapempha m'komiti muno chaka chatha sanagulidwebe? Mayi wina amene tinamubweza kunyumba ndi mankhwala opaka a calamine, n'kubwerera atatupa milomo ndi maso, akundiwawabe mumtima, ndipo nkhani yake sitinaikambirane mpaka lero. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tikambirane nkhaniyi pamodzi ndi ya formalin.