Erroll Garner, katswiri wa piyano amene sankawerenga manotsi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi ndikambe za munthu amene anamwalira pa 2 Januwale 1977, koma kuno ku Senga Bay amandichezetsabe madzulo, makamaka mwera ukavuta asodzi n'kukhalira kusoka maukonde pamchenga. Dzina lake ndi Erroll Garner, mbadwa ya ku Pittsburgh ku America, woyimba piyano m'nyimbo za jazi.

Ndinamudziwa mwangozi. Ndili mnyamata ndinkagwira ganyu yoperekera zakudya pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja muno, ndipo mlendo wina pochoka anandisiyira kaseti yolembedwa kuti Concert by the Sea. Ine ndinkayembekezera kandalama, moti ndinathokoza ndi pakamwa pokha. Kasetiyo inakhala pawindo mpaka kuchita fumbi. Tsiku limene ndinaiika m'wailesi, nsima inandizizirira m'mbale.

Mukamumvera, yambani ndi dzanja lamanzere. Limagunda kanayi kanayi, mofanana, ngati nkhafi za anthu amene apalasa bwato limodzi zaka zambiri. Lamanja ndiye lamwano. Limatsalira m'mbuyo dala, kuyendayenda uku ndi uku, ndipo ukati basi lasochera, umangoona lafika pamodzi ndi linzake. Asanalowe m'nyimbo yeniyeni amayamba wazungulira kutali, moti ngakhale anzake omuyimbira besi ndi ng'oma ankangodikira, osadziwa kuti akulowera kuti. Pa kasetiyo anzakewo ndi Eddie Calhoun ndi Denzil Best. Nyimbo ija ikatulukira, mumamva anthu akuwomba m'manja ngati aona m'bale wawo akutsika basi. Pansipansi pamamveka munthu akubuula. Poyamba ndinkayesa kaseti yawonongeka, osadziwa kuti ndi mwini wakeyo, kukoma kwamupitirira.

Anajambula nyimbozi pa 19 Sepitembala 1955 ku Carmel, m'chigawo cha California, ndipo piyano ya tsikulo sinali yochunidwa bwino. Komabe chimbalecho chinagulidwa kwambiri. Mkuluyu anali wamfupi, moti ankasanjika mabuku a manambala a telefoni pampando kuti afikire bwino.

Tsono chimene chandilembetsa kalatayi si kukoma kokhako. Nditasiya za hotela ndinakhala mphunzitsi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkatsogolera kwaya kumpingo kwathu. Ndinali wouma mutu pa nkhani ya manotsi. Wosadziwa do re mi papepala sindinkamuwerengera. Kunabwera mnyamata wina wa kwa Maganga amene ankati akamva nyimbo kamodzi, yachiwiri akuiyimba pa kiyibodi. Ndinamuikira pepala kutsogolo, iye n'kungondiyang'ana. Ndinamuchotsa pa kiyibodipo pamaso pa kwaya yonse, n'kumuuza kuti zoyimba mongolota n'za kumowa. Sanabwerenso.

Chaka chatha mdzukulu wanga, pondiikira nyimbo za Garner m'foni chifukwa kaseti ija wailesi inaitafuna kalekale, anandiwerengera mbiri yake. Agogo, mukudziwa kuti munthu wanuyu sankawerenga manotsi? Ndinamuuza kuti asiye zibwana. Koma ndi zoona. Garner, wobadwa mu 1921, anayamba kugwira piyano ali ndi zaka zitatu, ndipo moyo wake wonse ankayimba za m'khutu. Bungwe la oyimba la kwawo ku Pittsburgh linayamba lamukana umembala pa chifukwa chomwechi. Ngakhale Misty, nyimbo imene anapeka mu 1954 ndipo oyimba osawerengeka aibwereza, inachokera m'mutu mwa munthu woti sakanatha kuilemba papepala. Ine zaka zonsezi ndinkagwadira mkulu ameneyu kunyumba, kutchalitchi n'kumathamangitsa mwana wa mtundu wake womwewo.

Manotsi sindikuwanyoza ayi. Kwaya ya anthu 40 popanda pepala imasanduka msika wa usipa, aliyense kukuwa zake, ndipo ana athu aziphunzira ndithu. Koma anzanga otsogolera makwaya, mwana wa khutu lakuthwa akabwera, muyambe mwamumvera, pepala libwere pambuyo. Nawonso a mawailesi athu, kodi pa sabata yathunthu theka la ola la jazi lingasowe?

Mnyamata uja tsopano ndi bambo wa ana atatu, amapalasa kabaza pa Kamuzu Road. Mwezi watha ndinakwera njinga yake dala, ndipo tili m'njira ndinapepesa. Anaseka n'kuti, aphunzitsi, zimenezo zinapita ndi mphepo. Loweruka lapitali anabwera kunyumba atabwereka kiyibodi kwa mnzake woyimba m'maukwati. Ndinamuikira Garner. Anamvera kawiri ali chete, kenaka anayamba kufufuza ndi zala, ndipo dzuwa lisanalowe dzanja lamanzere lija anali atalipeza. Lamanjalo akuti ndimupatse sabata ziwiri.

Mphunzitsi wopuma,
Senga Bay, Salima