Tisathamangire kufomata hard disk ikayamba kufa

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa chizolowezi chimene chafala pakati pa ife okonza makompyuta kuno ku Mangochi, chomwe chikutayitsa anthu zinthu zoti sangazipezenso. Munthu akabwera ndi laputopu yochedwa kuyaka, youma pakati pa ntchito kapena yokana kutsegula mafayilo ena, ambiri timangoti ndi mavairasi, n'kuifomata, n'kuikamo Windows yatsopano, mwiniwake n'kulipira n'kubwerera kwawo ku Namwera kapena ku Monkey Bay mtima uli m'malo. Sipatenga nthawi vutolo limayambiranso, koma apo n'kuti zithunzi za ukwati, malipoti a sukulu ndi mabuku a ndalama a shopu zitapita kale, pamene chodwala chenicheni chinali hard disk, chipangizo chosungira mafayilo onse m'kompyuta, yomwe yayamba kukhala ndi ma bad sector, kutanthauza malo owonongeka.

M'kati mwa hard disk muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa miniti imodzi, ndipo kamutu kowerenga ndi kulemba kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timbaleto tinagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono ta mabayiti 512, kapena 4,096 pa ma disiki atsopano, ndipo kagawo kamene kakukanika kuwerengeka ndiko kamatchedwa bad sector. Tina timasokonezeka chabe chifukwa magetsi anathima kompyuta ili m'kati molemba, ndipo toteroto timachira tikalembedwanso. Tina timawonongekeratu chifukwa kamutu kaja kanakanda mbale, monga zimachitikira munthu akaponya laputopu m'chikwama isanazime bwino n'kukwera nayo kabaza pa msewu wa mabampu. Totereti palibe pulogalamu imene ingatichiritse, ngakhale wogulitsa pulogalamuyo atalumbira motani. Kutentha kwa kuno kunyanja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala nakonso kumafulumizitsa imfa ya disiki, makamaka kwa amene amagwiritsa ntchito laputopu ataiika pa matiresi, mabowo olowera mpweya atatsekeka.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti disiki imabisa matenda ake. Inapangidwa ndi tizigawo tapadera tosungira, ndipo ikapeza kagawo kowonongeka imasamutsira zinthu kumeneko mwakachetechete. Pamene mwini kompyuta akuyamba kuona zachilendo, kawirikawiri n'kuti kuwonongekako kutayamba kale. Komabe disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake m'dongosolo lotchedwa S.M.A.R.T., ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa mbiriyi m'masekondi ochepa. Mizere yoti wokonza aiyang'anitsitse ndi 05, yowerenga tizigawo tomwe tasamutsidwa kale, C5, ya tizigawo tokayikitsa tomwe tikudikira kusamutsidwa, ndi C6, ya tizigawo tolephereratu kuwerengeka. Pulogalamuyo ikaonetsa chenjezo lachikasu, ndipo manambalawo akamakwera tsiku ndi tsiku, disikiyo si yoidaliranso.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena, amene amayamba ndi kuyendetsa chkdsk /r, lamulo la Windows lofufuza zolakwika pa disiki. Lamuloli limakakamiza disiki kuwerenga malo ake onse kwa maola ambiri, ndipo silikonza mbale yokandika koma limangoika chizindikiro kuti Windows isalembenso pamenepo. Kuchita zimenezi pa disiki yofooka kuli ngati kusenzetsa wodwala malungo thumba la chimanga pofuna kuona ngati akadali ndi mphamvu. Kufomata nako sikuthandiza, pakuti kufomata kwachidule (quick format) sikufufuza n'komwe malo owonongeka, pamene kwathunthu, kuyambira pa Windows Vista, kumalemba maziro pa disiki yonse, n'kufafaniza chilichonse chimene chikanapulumutsidwa.

Choyenera kuyamba ndi kukopera. Wokonza afunse mwiniwake mafayilo amene sangalole kutaya, awasamutsire pa disiki ina kapena pa fulashi, nyimbo ndi mafilimu zibwere pambuyo. Kukoperako kukamaima panjira, ayatse kompyutayo ndi Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) yochokera pa fulashi n'kugwiritsa ntchito pulogalamu yokopera disiki yotchedwa GNU ddrescue, imene imayamba ndi malo abwino, n'kudumpha ovuta, kenaka n'kuwabwerera pomaliza. Ubwino wake kwa ife amene magetsi amatithimira pafupipafupi ndi wakuti imalemba pomwe yafika, kotero kuti ntchito ikadukizidwa imapitirira pomwepo osayambiranso. Koma disiki ikayamba kulira kuti khe khe khe, kapena kuzungulira n'kuima mobwerezabwereza, ndi bwino kuizimitsa nthawi yomweyo. Kuitsegula ndi sikuludiraiva pa tebulo la fumbi, kapena kuigoneka m'fuliji monga ena amalangizirana, n'kuimaliza.

Ndikudziwa kuti disiki yatsopano ndi yodula, ndipo kasitomala amakonda wokonza amene wamuuza mtengo wochepa. Ngakhale zili choncho, tiyenera kumuuza zoona, kuti disiki yokhala ndi ma bad sector ochulukirachulukira ingasungire mafilimu basi, osati mayeso a ophunzira kapena kaundula wa ngongole za gulu. Amene angakwanitse agule disiki ya mtundu wina yotchedwa SSD, yomwe ilibe mbale zozungulira ndipo siopa kugwedezeka, koma adziwe kuti nayonso imafa, nthawi zina popanda chenjezo, choncho mafayilo ofunika azikhala malo awiri osiyana.

Pomwe makompyuta ambiri ofika m'boma lino ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndikupempha ogula kuti asamakhutire ndi kuwala kwa sikirini ndi Windows yoikidwa kumene. Auzeni ogulitsa akutsegulireni CrystalDiskInfo muli pomwepo, muone mizere itatu ija pamodzi ndi maola amene disikiyo yagwira ntchito, ndipo ngati akana, ndalama zanu zisatuluke m'thumba.

Ine wanu,
Wokonza makompyuta,
Mangochi Boma