Lendi ya pafupi ndi Capital Hill yatithamangitsa ogwira ntchito pomwepo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za nyumba za lendi kuno ku Lilongwe, makamaka madera ozungulira Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo, chifukwa tangozolowera ngati ndi mmene zinayenera kukhalira.

Ukalembedwa ntchito m'boma abale kumudzi amaganiza kuti ukukhala pakhomo pa ofesi, m'mawa kumangoyenda wapansi tayi ali pakhosi. Kafunseni mtengo wa nyumba ku Area 10, 11, 12 kapena 43 mumve. Eni ake kumeneko sakufuna kalaliki wa mu unduna ayi, akudikira a mabungwe ndi a maofesi a akazembe, ena mtengo amachita kuwerengera pa dola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 lendi inalumpha pompo pamene salale ikubwera m'mbuyo chokwawa.

Chimene ife tingakwanitse kumeneko ndi boyizikota basi. Ine ejenti wina anakandionetsa ina, ndisanaione n'komwe anayamba wandilipiritsa yoonera, kenako yakabaza yake ndilipirenso ine, tikufika ndi kachipinda kuseri kwa nyumba yaikulu pafupi ndi khola la agalu, mita ya magetsi imodzi ndi a landilodi ndiye mayunitsi akatha wolakwa ndiwe, geti amakhoma 9 koloko, alendo ayi, mbaula ayi akuti utsi udetsa khoma. Pamwamba pa zonsezo akuti miyezi itatu pakamodzi kuphatikiza dipoziti. Munthu wolandira pamwezi ndalama ya miyezi itatu aitenga kuti? Ndi mmene anthu akugwera m'katapira mmenemu.

Mapeto ake tonse tili ku Area 25, 49, 23, 36, Kawale, Chinsapo, ena mpaka ku Likuni, minibasi ziwiri popita ziwiri pobwera, ndalama imene umati wapulumutsa pa lendi yonse imathera kwa kondakitala. Mafuta akasowa ndiye musanene. Koma ife bola, taonani alonda, okonza m'maofesi ndi mamesenjala amene amadzuka kusanache kuchokera ku Kauma, Senti ndi Mtandire, wapansi, nsapato yabwino ili m'jumbo kuti akavale pofika pageti. Kauma wagundizana ndi Area 12, Mtandire wagundizana ndi Area 47, anthu akukhala mothinana chonchija kuti angoyandikira ntchito.

Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, amene anakonza mzindawu anaganizirako ogwira ntchito m'boma, n'chifukwa kunamangidwa nyumba ngati za ku Area 18 zija. Koma nthawi imeneyo anthu anali ochepa, lero mzinda wakula kwabasi ndipo mapuloti a pafupi ndi Capital Hill akadali akuluakulu omwe aja, nyumba imodzi pa malo oti mabanja ambirimbiri akanakhalapo. Nyumba ya Malamulo inatsegulidwa mu 2010 ndi thandizo la China, nyumba yochitiramo misonkhano ikuluikulu ya BICC yabwera, mahotela abwera, msewu wa Kenyatta aukuza, zonsezo n'zabwino sindikutsutsa, koma wogwira ntchito m'malo amenewa agona kuti? Pakati pa maofesi tchire lili mbwee, ukudutsa pa minibasi umangoona mitengo ndi zikwangwani.

Pempho langa n'loti boma ndi Malawi Housing Corporation, imene yakhalapo kuyambira 1964 ndipo ntchito yake ndi yomweyi, amange mafulati osanjikana pafupi ndi City Centre, a zipinda ziwiri, opanda zokongoletsa, lendi yake izidulidwa kusalale mwezi ndi mwezi. Ndipo akamangidwa pakhale kuonetsetsa kuti wokhalamo ndi mwini dzina, osati bwana atenge atatu n'kumabwereketsa kwa ife tomwe pa mtengo wowirikiza.

Aphungu athunso atithandize ndi lamulo loti landilodi asamaumirize miyezi itatu pakamodzi, komanso ejenti aliyense akhale ndi chiphaso ndipo azilandira yake nyumba ikapezeka osati yongoonera. Aphunguwo akabwera kudzakumana amalandira alawansi yogonera, ndiye mwina nkhaniyi siwakhudza, koma afunse mamesenjala amene amawanyamulira mafayilo mu Nyumbamo kuti amachokera kuti ndipo amadzuka nthawi yanji.

Ine wokhala lendi,
Area 25, Lilongwe