Kalata Yotseguka kwa Mtsogoleri wa CAF, Dr. Patrice Motsepe: Dzina la Timu Lili ndi Eni Ake

Olemekezeka a Motsepe,

Ndine wochemerera mpira wamba, mmodzi mwa aja amene amafika pabwalo dzuwa lili paliwombo n'kubwerako mawu atasasa. Ndalembera inu chifukwa nkhaniyi mumaidziwa konsekonse. Mwakhala mukutsogolera CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, kuyambira mu 2021, ndipo banja lanu ndilo likusunga Mamelodi Sundowns, imene inatenga chikho cha CAF Champions League mu 2016 itavala jezi yake yachikasu yomwe ija. Pempho langa ndi limodzi: letsani kugulitsa malo a timu mu ligi, ndipo dzina, mitundu ya jezi ndi mzinda wa timu zisamasinthidwe ochemerera osavomera.

Ndiyambire kwanu konko ku South Africa. Timu ya Wits inabadwa mu 1921 pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Inadikira zaka 96 kuti itenge ligi, mu 2017, mphunzitsi ali Gavin Hunt. Mu 2020, kutatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100, malo ake anagulitsidwa kwa Tshakhuma Tsha Madzivhandila ya ku Limpopo. Wits sinatsike mu ligi chifukwa chogonja. Inachoka ndi siginecha basi. Oigulawo sanakhalitse nawo malowo, anawagulitsanso, dzina n'kusanduka Marumo Gallants.

Ya Bloemfontein Celtic ndiyo imandipweteka mtima kwambiri. Aliyense amene anaonerapo masewera ake, ngakhale pa kanema, amakumbukira khamu lovala zobiriwira ndi zoyera likuimba osapumira, timu ikhale ikuchinya kapena ikuchinyidwa. Anthu amenewa ankatchedwa Siwelele. Mu 2021 malo a Celtic anagulitsidwa, timu inakhala Royal AM, inasamukira ku KwaZulu-Natal, ndipo oimba aja anatsala ndi bwalo lopanda kanthu. Pofika mu 2025 Royal AM inachotsedwa mu ligi. Chaka chomwecho SuperSport United ya ku Pretoria, imene inatenga ligi katatu motsatizana kuyambira 2008 mpaka 2010, inagulitsidwa n'kutchedwa Siwelele kuti mpira ubwerere ku Bloemfontein. Ndinakondwera nawo a ku Bloemfontein, sindibisa. Koma misozi yawo inapukutidwa poliza ochemerera a ku Pretoria, ndipo mawa wina adzalira kuti a ku Pretoria atonthole.

Sindikunyoza anthu achuma amene amathira ndalama mu mpira. Malipiro a osewera, maulendo, madokotala, mabwalo a ana, zonsezi zimadya ndalama zimene matikiti okha sangabweze, ndipo mwini akatopa ali ndi ufulu wogulitsa. Agulitse timu yonse, wogulayo ailandire ndi dzina lake, mbiri yake, anthu ake ndi ngongole zake. Chimene ndikukana n'chakuti munthu agule mpando wa mu ligi wokha, zina zonse n'kuzitaya kudzala. Amene walowa ufumu salamula kuti manda a makolo asamutsidwe.

Bambo anga anandiphunzitsa kukonda timu yathu ndisanadziwe kuwerenga. Ankatchula zigoli za osewera amene ine sindinawaonepo ngati akutchula mayina a abale. Eni timuyo asintha kangapo kuchokera nthawi imeneyo, osewera ndiye osanena, koma anthu a pa masitandi ndi omwe aja pamodzi ndi ana awo. Iwowa ndiwo amasunga timu pa zaka zimene ilibe chikho.

Kunja nakonso zachitika, ndipo kwaoneka kuti mankhwala alipo. Ku England, Wimbledon, imene inatenga FA Cup mu 1988, inaloledwa kusamukira ku Milton Keynes n'kusanduka MK Dons mu 2004. Ochemerera anayambitsa AFC Wimbledon mu 2002, anayambira pansi penipeni, ndipo mu 2011 analowa mu Football League. Ku Cardiff City, mwini wake Vincent Tan anasintha jezi kuchoka ku buluu kupita ku zofiira mu 2012, anthu anakana mpaka buluu inabwerera mu 2015. Mwini wa Hull City atafuna dzina loti Hull Tigers, FA, bungwe loyendetsa mpira ku England, linamukaniza mu 2014. Ku Germany lamulo la 50+1 limasiya mavoti ochuluka m'manja mwa mamembala a kalabu, kupatula matimu ochepa monga Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg. England nayo inakhazikitsa lamulo mu 2025 lokhala ndi woyang'anira woima payekha, ndipo zina mwa zomwe likuteteza ndi chizindikiro cha timu, mitundu ya jezi ndi bwalo lake.

Malamulo a FIFA amanena kale kuti timu iziyenera ligi chifukwa cha zomwe yachita m'bwalo, ndipo amaletsa kusintha dzina kapena likulu pofuna kulowera kukhomo lakuseri. Chasowa ndi dzanja lowagwiritsa ntchito. Dzanja limenelo muli nalo. Timu iliyonse yofuna kusewera mipikisano ya CAF imayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo mumafunsa za bwalo, za mabuku a ndalama, za matimu a ana. Onjezanipo izi: timu yogula malo mu ligi isalandire chiphaso kwa zaka zingapo. Dzina, chizindikiro, mitundu ya jezi ndi mzinda zilembedwe m'kaundula, zisinthike pokhapokha mamembala olembetsa atavota. Kampani yothandiza iike dzina lake pachifuwa pa jezi, kapena pambali pa dzina la timu, koma isalifafanize. Ndipo timu iliyonse iziwerengera mamembala ake mabuku a ndalama kamodzi pachaka, chifukwa matimu ambiri amagulitsidwa ngongole zitakula mobisa.

Ena mwa amene angadandaule ndi lamuloli ndi anzanu amene mumadya nawo pa tebulo limodzi, ndipo ligi imene ingakhudzidwe koyamba ndi yakwanu. N'chifukwa chake mawuwa angamveke kwambiri atachokera pakamwa panu. Munasankhidwanso mu 2025 popanda wopikisana nanu, choncho mphamvu ndi nthawi muli nazo. Ndikupempha kuti nkhaniyi muiike pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano waukulu wa CAF ukubwerawu.

Ine wanu mwaulemu,
Wochemerera mpira