Njinga za mountain bike zikufunika madigadi m'dzinja

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za njinga za mountain bike zimene zimagulitsidwa zopanda madigadi, chonsecho ambirife ndi zomwe timakwera popita kuntchito ngakhale m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Matayala ake, pokhala aakulu ndi a mano akuluakulu, amanyamula matope n'kuwaponyera kumsana ndi kumaso, ndipo mchenga wolowa mu tcheni umadya magiya msanga. Madigadi achitsulo a njinga za kabaza sakwanapo, chifukwa ndi opapatiza, komanso foloko ya masipiring'i yogwira gudumu lakutsogolo la mountain bike nthawi zambiri ilibe pomangira mabawuti. Ndikupempha ogulitsa kuti atibweretsere apulasitiki otambalala, omanga ndi timalamba, ndipo amakaniko azisiya mpata wokwanira pamwamba pa tayala, kuopa kuti matope angaunjikane n'kugwira gudumu.

Wopalasa njinga,
Lilongwe