Mapepala a mabwana akale a ku Ireland andikumbutsa sutikesi yomwe tinaotcha

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yathuyi. Ine ndili kuno ku Ireland chaka chachinayi tsopano, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo ndikakhala pa ofu ndimakwera basi kukaona manyumba akuluakulu aja a eni minda akale, omwe kuno amangowatcha kuti Big House. Poyamba ndinkangopitira zithunzi basi. Koma chandilembetsa kalatayi ndi mapepala omwe mabanja amenewa anasiya, makalata a pachibale, mabuku a lendi, mapangano a ukwati, mitolomitolo mpaka lero ilipo.

Anthuwa ankalemberana ngati mmene ife timachitira pa WhatsApp, kusiyana kwake iwo sankafufuta. Tengani mayi wina, Emily Lennox. Anakwatiwa mu 1747 ali ndi zaka 15 zokha ndi James FitzGerald, yemwe anadzakhala Duke wa Leinster, mwini wake wa Carton House ku Kildare komanso amene anamangitsa Leinster House, nyumba yomwe lero aphungu amakumaniramo ku Dublin. Mayiyu anabereka ana 22, eya 22, ndipo ambiri mwa iwo anawalira yekha adakali moyo. Mng'ono wake Louisa nayenso anakwatiwa ali ndi zaka 15 kwa Thomas Conolly wa ku Castletown House, kufupi komweko, koma iye mwana sanamuone, ndiye ankalera nawo a mkulu wake. Mkulu wa onsewo Caroline anali ku London. Makalata ankangodutsana panyanja, muli za mimba, za mwana amene wadwala usiku, nsalu yoti agulidwe ku London, ngongole, miseche ya ukwati wa uje, ngakhale kukwiyirana kwa pachibale komwe ife timabisa kuja muli momwemo.

Pali pena pomwe pamandikhudza ngati kholo. Mwana wake wamkulu George atamwalira ku England mu 1765, Emily sanafunenso kuti ana ake azikaphunzira kutali, anawaika m'nyumba ya Frescati ku Blackrock m'mbali mwa nyanja nkuwapezera mphunzitsi wa ku Scotland, William Ogilvie. Duke uja atamwalira mu 1773, chaka chotsatira mayi anakwatiwa ndi mphunzitsi yemweyo. Anthu analankhula mpaka kukamwa kuuma, eti mdzukulutuvi wa mfumu Charles II ndi ticha wa ana! Zonsezi tikuzidziwa bwino chifukwa makalatawo anasungidwa, ndipo ena anasindikizidwa ndi bungwe la Irish Manuscripts Commission.

Kalata ya nthawi imeneyo mukaiona pafupi mungadabwe. Inalibe envelopu, pepala lomwelo amalipinda nkulimata ndi phula. Isanafike 1840 wolipira positi kawirikawiri anali wolandira, mtengo wake potengera mtunda ndi kuchuluka kwa mapepala, ndiye munthu amati akadzaza tsamba amalitembenuza chopingasa nkulembanso pamwamba pa mawu omwe aja, mizere nkumaoneka ngati mphasa yolukidwa, kuwerenga kwake mpaka maso kuwawa. Chopweteka nchakuti aphungu ndi mabwana a m'nyumba ya malamulo ankatumiza ulere pongosayina kunja kwake, wovutika ndiye azilipira.

Musaganize kuti ndagomera mabwanawa, akonzi. Chuma chawo chinali thukuta la alimi olipira lendi, ambiri Akatolika omwe makolo awo analandidwa malo omwewo. Koma taonani izi. Mwana wa Emily, Lord Edward FitzGerald, anavulala pa nkhondo ku America mu 1781, amene anamutola pabwalo la nkhondo nkumusamalira anali munthu wakuda wothawa ukapolo dzina lake Tony Small. Tony anabwera naye kuno, anakhala naye mpaka mapeto. Ife tikumudziwa Tony makamaka chifukwa Edward ankamutchula m'makalata opita kwa mayi ake. Pakanapanda makalatawo bwenzi munthu wakhungu ngati langali, amene anayenda m'misewu ya Dublin zaka zoposa 200 zapitazo, ataiwalika ngati sanabadwe. Edward yemweyo anadzalowa gulu la United Irishmen loukira ulamuliro wa Angelezi, anawomberedwa pomugwira, nkumwalira m'ndende ya Newgate mu June 1798, ndipo mayi ake aang'ono Louisa anachita kupempha mogwada kuti akamuone patangotsala maola ochepa.

Kumene ndinalira ine ndi ku Strokestown Park, m'boma la Roscommon. Mu 1979 wabizinesi wa galaja wa m'deralo, Jim Callery, anagula malowo kwa a banja la Mahon, akuti ankafuna bwalo lokha. Atalowa m'nyumba anapeza mabokosi a mapepala masauzande ambirimbiri, ndipo pakati pake panali kalata ya 1846 yochokera kwa alimi a ku Cloonahee, kwawo kwenikweni kwa iyeyo, yodandaula kuti ana akulira njala pamaso pawo ndipo sangathenso kupirira, akufuna ntchito. Inali nthawi ya njala yaikulu ija yoyamba mu 1845, pomwe mbatata ya kachewere, yomweyi kwathu timangoti airishi, inaola m'minda ndi chiwawu. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, enanso ochuluka chomwecho anathawa m'dziko.

Mapepala omwewo akuonetsa mmene Major Denis Mahon ndi kapitawo wake anawerengera masamu nkuona kuti kutumiza alimi ku Canada nkotchipa kusiyana nkuwadyetsa. Mu 1847 anthu 1,490 anayenda wapansi makilomita pafupifupi 165 kutsata ngalande ya Royal Canal mpaka ku Dublin, kenako Liverpool, kenako zombo zopita ku Quebec, ndipo ambiri anafera panyanja ndi pachilumba cha Grosse Île ndi matenda a typhus. Mu November chaka chomwecho Mahon anawomberedwa nkufa. Mndandanda wa maina a mabanja amenewo ulipo, nchifukwa chake lero zidzukulu zochokera ku Canada ndi America zimabwera kudzayenda njira yomweyo. Callery sanataye mapepalawo, ndipo mu 1994 pamalopo panatsegulidwa myuziyamu ya za njalayo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, kuwerenga maina a anthu omwe bwana wawo ankangowaona ngati ngongole.

Si mapepala onse anapulumuka chonchi. Pakati pa 1919 ndi 1923, nthawi ya nkhondo ya ufulu ndi yapachiweniweni, nyumba zotere pafupifupi 275 zinaotchedwa, ndipo mkwiyo wakewo ndimaumvetsa, koma moto sunasankhe kuti ili ndi buku la bwana ili ndi dzina la mlimi. Pa 30 June 1922 nkhokwe ya boma ya zolembedwa ku Four Courts ku Dublin inapsa, kalembera wa anthu wa 1821 mpaka 1851 pafupifupi yense anapita, mawilo ogawira chuma cha anthu akufa nawonso phulusa. Ndiye lero wofufuza za makolo ake amakathera ku National Library of Ireland kapena ku PRONI, nkhokwe ya zolembedwa ya ku Northern Ireland, ku Belfast, kukapempha mabokosi a mabanja a eni minda omwe aja.

Kwathu nafenso moto tinauona, maofesi a boma ku Zomba anapsa mu 1919 ndi mafailo ake. Koma wondiwawa ine ndi moto womwe tinayatsa tokha. Agogo anga aamuna anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo agogo aakazi ankasunga makalata awo onse m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, atawamanga ndi kansalu. Maliro awo atatha, pokonza m'nyumba, akuluakulu anati izi nzinyalala zoitana mbewa ndi chiswe, zonse pamoto kuseri kwa khitchini, ine ndili pomwepo ndikukoleza nawo. Ndinali wamkulu kale, sindinganamizire ubwana. Muja munali maina a anzawo a ku komponi, ndalama zomwe ankatumiza, mwina ndi chifukwa chomwe anakhalira zaka zambiri osabwera, funso lomwe mayi anga akhala nalo moyo wawo wonse.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi lakuti mutipatse kakona m'nyuzi ino, ngakhale kamodzi pamwezi, koti owerenga azitumiza zithunzi za makalata akale a m'banja mwawo, a ku Joni, a ku Salisbury, a asilikali a KAR (King's African Rifles), eni ake atavomereza. Ndipo a National Archives ku Zomba atiuze poyera kuti munthu wamba amene ali ndi mtolo wotere angaupereke bwanji. Ine ndayamba kale, ndawaimbira azakhali anga kumudzi, akuti m'Baibulo la agogo mwatsala makalata awiri. Ndawatumizira ya mayunitsi kuti mdzukulu wawo ajambule pafoni mbali zonse ziwiri, ndi sitampu yomwe.

Wowerenga wanu,
Dublin, Ireland